Eyakoni Ikasiya Kuzizira, Yambani Mwapeza Pobowoka

Amene amatsika mapiri a Thabwa mu Okutobala safuna chikwangwani chomuuza kuti wafika ku Chikwawa. Pofika pa mlatho wa Kamuzu thukuta limakhala litayamba kale, ndipo kuchoka pamenepo kudutsa Dyeratu, Nchalo, Ngabu, Bangula mpaka pa boma la Nsanje, kutentha kumatha kupitirira madigiri 40. Kuno eyakoni m'ka Vitz kapena ka Mira si yodzionetsera ayi. N'chifukwa chake ikangosiya kuzizira, eni ake amathamangira kukadzazitsa gasi. Imazizira timasabata, kenako zii. Abwereranso, alipiranso.

Komatu inu muli ndi njinga pakhomo, ndiye nkhaniyi mukuidziwa kale. Tayala likamaphwa m'mawa uliwonse simunena kuti mpweya watha chifukwa njinga yayenda kwambiri. Mumadziwa kuti chubu chabowoka. Gasi wa eyakoni nayenso sapsa ngati petulo. Amangozungulira m'mapaipi otsekeka, ndipo akachepa msanga ndiye kuti pali pamene akuthawira.

Gwirani kumunsi kwa pampu mutapopa kwa kanthawi, mumva kutentha. Mpweya ukapanikizidwa umatentha. Tsopano tsegulani valavu ya tayala lolimba, muike chala pamene mpweya ukutulukira, mumva kuzizira. Eyakoni yonse yagona pa ziwirizi. Kompuresa, imene imazunguzidwa ndi lamba wa injini, ndiyo pampu. Imapanikiza gasi n'kumutumiza ku kondensa, chitsulo chopyapyala cha timizeremizere chimene chili kutsogolo kwa redieta. Kumeneko mphepo imachotsa kutentha, gasi n'kusanduka wamadzimadzi. Kenako amadutsa pakabowo kakang'ono kwambiri n'kukamasukira m'kabokosi kobisika kuseri kwa dashibodi, ndipo pomasukapo amazizira. Fani imakankha mpweya kudutsa pa kabokosiko kubwera kwa inu, gasi n'kubwerera ku kompuresa.

Tisiyanitse kaye kudontha. Madzi oyera amene mumawaona pansi pa galimoto ikaima si vuto, n'chinyezi cha mumpweya, ndipo m'dzinja chigwa chino chili nacho chambiri. Koma akamanyowetsa mapazi a wokhala kumanzere kwa dalaivala, ndiye kuti kapaipi kamphira kotulutsira madziwo panja katsekeka ndi fumbi kapena matope. Kapezeni, mulowetsemo kawaya kofewa pang'onopang'ono mpaka madzi atuluke. Apa simuwononga ngakhale tambala.

Kuthawa kwa gasi ndiko kumafuna kudekha. Wokonza njinga pa Ngabu amamiza chubu m'beseni n'kuyang'ana pamene pakutuluka thovu. Galimoto simungaimize, ndiye madziwo apititseni kwa iyo. Zimitsani injini, izizire. Sungunulani sopo m'madzi, muike m'botolo. Musanathire, yendetsani maso. Gasi amayenda limodzi ndi mafuta ofewetsa kompuresa, ndipo pamene akuthawira pamatsala timafuta. Fumbi lathuli, limene timalidandaula tsiku ndi tsiku, apa limatithandiza: limamatirira pamafutapo n'kupanga banga lakuda lonyowa, pamene paipi yonse ili youma. Yang'anani polumikizira mapaipi, pamene paipi yamphira yalumana ndi yachitsulo, kutsogolo kwa kompuresa, ndi pankhope pa kondensa. Mukaona banga, thiranipo sopo uja, mudikire. Bowo laling'ono silifulumira. Thovu limafufuma pang'onopang'ono.

Musaiwale tizivindikiro tiwiri tapamapaipi, kena kolembedwa L, kena H. Pansi pake pali valavu ya kasingano pakati, yonga ya tayala la galimoto. Nthawi zambiri wakuba amakhala ameneyu, monganso pa njinga munthu amatha kuvutika kufunafuna bowo pachubu, chonsecho mpweya ukuthawira pa valavu. Dziwaninso kuti sopo amagwira ntchito pokhapo gasi akadalimo. Ngati watheratu, makaniko ayenera kuikamo kaye mpweya wa nitrogen woyesera.

Kondensa kuno imavutika kuposa ku Blantyre. Miyala ya m'misewu ya fumbi imaimenya, tizilombo ndi udzu zimaitseka, ku Nchalo nyengo yootcha nzimbe kumabwera phulusa, ndipo galimoto imene yawoloka madzi osefukira, onga a namondwe wa Freddy mu 2023, imatha kukhala ndi matope ouma m'timizere timeneti. Kondensa yotsekeka siitaya kutentha, mphamvu ya gasi imakwera, ndipo timphira takale ta polumikizira mapaipi timagonja. Itsukeni ndi madzi oyenda mofatsa, osati paipi yamphamvu ya kotsukira magalimoto imene imapinda timizere. Onaninso ngati fani yake ikuzungulira eyakoni ikayatsidwa.

Tsopano apa njinga ikutisiya. Tayala la galimoto yaing'ono limakhala ndi mphamvu ya mpweya pafupifupi 30 psi. Eyakoni, tsiku lotentha, imapitirira 100 psi injini ili chozima, ndipo mbali ya H imadutsa 200 psi injini ikulira. Gasi wa R134a, amene ali m'timagalimoto tambiri tochokera ku Japan, amawira pa madigiri 26 kunsi kwa ziro. Akakuthirani ali wamadzimadzi amaumitsa khungu, ndipo diso angaliwonongeretu. Choncho musamasule nati iliyonse gasi akadali mkati. Wodziwa ntchito amupopere kaye m'botolo. Kumutayira m'mwamba n'kulakwanso, chifukwa gasi ameneyu amatenthetsa dziko kwambiri, ndipo ndi mmodzi mwa amene mayiko, kuphatikizapo Malawi, adagwirizana kuwachepetsa pa pangano la ku Kigali la mu 2016.

Mapaipi akakhala opanda kanthu, kusintha kamphira kozungulira ka polumikizira, kamene amakatcha O-ring, mungathe nokha. Valani magalasi oteteza maso, pukutani fumbi, masulani, chotsani kakaleko, mupite nako kusitolo kuti mupeze kofanana saizi. Gulani kopangidwira eyakoni, kamene nthawi zambiri kamakhala kobiriwira. Ka pampope wa madzi sikachedwa kufumbutuka. Kapakeni mafuta a eyakoni, mumange mosakakamiza, poti aluminiyamu sachedwa kutha mazinga. Kasingano ka valavu nakonso kamasinthika. Koma kondensa yobowoka, ine ndikuti gulani ina. Chigamba cha guluu sichingapirire mphamvu imeneyi, ndipo mankhwala a m'zitini amene amati amamata mabowo ali mkati amatha kutseka kabowo kakang'ono kaja, ntchito n'kukula.

Kudzaza gasi siyirani wazipangizo. Mpweya wamba ndi chinyezi zimene zalowa ziyenera kuyamwidwa ndi pampu yapadera kwa mphindi pafupifupi 30, kenako atseke, muonere limodzi geji. Muvi ukamabwerera, bowo likadalipo. Ukakhazikika, gasi alowe poyeza kulemera. Mtundu wa gasi ndi magalamu ake zalembedwa pa kachikwangwani pansi pa boneti, ndipo timagalimoto tambiri tating'ono sitifika theka la kilogalamu. Kuwonjezera si kuziziritsa, n'kupha kompuresa. Wina akakuuzani za gasi wophikira kapena wa mufiriji wa R600a poti ngotchipa, kanani. Onsewo amayaka moto.

Ndiye musanapereke makiyi, funsani makaniko ngati ali ndi geji, pampu yoyamwa mpweya ndi sikelo. Akakhala ndi botolo la gasi lokha, sungani ndalama zanu, tsitsani mawindo, mukafune wina ngakhale kukhale kukwera mpaka ku Blantyre.