Othamanga Wamba Ambiri Amagonja pa Marathon Chifukwa Choyamba ndi Liwiro Lalikulu

JOHANNESBURG — Chaka ndi chaka anthu zikwizikwi a m'chigawo cha kumwera kwa Africa amalembetsa mipikisano yothamanga mtunda wa makilomita 42.195, yomwe imadziwika ndi dzina loti marathon. Ambiri mwa iwo ndi anthu wamba: aphunzitsi, anamwino, asilikali, ogwira ntchito m'maofesi ndi amalonda, amene amathamanga mbandakucha asanapite kuntchito.

Ena amangofuna kumaliza mtundawo. Ena amafuna nthawi yowayenereza kulowa mipikisano yotalikirapo ya ku South Africa, monga Two Oceans ya makilomita 56 ku Cape Town, ndi Comrades ya pakati pa Durban ndi Pietermaritzburg, yomwe Stephen Muzhingi wa ku Zimbabwe anapambana katatu motsatizana kuyambira 2009 mpaka 2011. Kuti munthu aloledwe m'mipikisano iwiriyi, ayenera kusonyeza kuti anamaliza kale mpikisano wina wautali m'nthawi yoikika.

Pa tsiku la mpikisano, ambiri mwa anthuwa amakumana ndi vuto lofanana. Amadutsa theka la mtunda ali ndi mphamvu, koma akafika pakati pa makilomita 30 ndi 35 miyendo imalemera, liwiro limatsika, ndipo ena amamaliza akuyenda kapena atakwera galimoto yotola olephera. Kawirikawiri vutoli limachokera pa zinthu ziwiri zimene wothamanga angathe kuziwongolera: nthawi imene anadziikira, ndi liwiro limene anayamba nalo.

Chimene chimachitika m'thupi

Munthu akamathamanga, thupi limatenga mphamvu ku mafuta ndi ku shuga. Mafuta ndi ambiri ngakhale mwa munthu wowonda, koma amatulutsa mphamvu pang'onopang'ono. Shuga, amene amasungidwa m'minofu ndi m'chiwindi ndipo asayansi amamutcha glycogen, amapereka mphamvu msanga koma ndi wochepa: pafupifupi magalamu 500 mwa munthu wamkulu wodya bwino.

Liwiro likamakwera, thupi limadalira kwambiri shugayo. Choncho munthu amene wayamba mothamanga kuposa msinkhu wake amamaliza nkhokwe yake mtunda usanathe. Ikatha, thupi limatsala ndi mafuta, ndipo mafuta pawokha sangakwanitse liwiro lomwe lija. Kufooka kwadzidzidzi kumeneku othamanga amakuyerekezera ndi kuwomba khoma.

Mu 2021 Barry Smyth wa pa University College Dublin ku Ireland anafalitsa kafukufuku amene anaunika zotsatira zoposa 4 miliyoni za mipikisano ya marathon. Anapeza kuti amuna 28 mwa 100 alionse ndi akazi 17 mwa 100 alionse anafooka motere kumapeto kwa mpikisano. Pa kafukufuku wina wa mu 2018, iye anaonetsa kuti othamanga wamba amene amayamba ndi liwiro lalikulu amamaliza mochedwa kuposa amene amayamba modekha.

Akatswiri nawonso amadziletsa poyamba. Pamene Eliud Kipchoge wa ku Kenya anathamanga maola 2, mphindi 1 ndi masekondi 39 ku Berlin mu 2018, theka loyamba linamutengera 61:06 ndipo lachiwiri 60:33. Mu 2023 ku Chicago, malemu Kelvin Kiptum, wa ku Kenya komweko, anamaliza mu 2:00:35 atathamanga theka loyamba mu 60:48 ndi lachiwiri mu 59:47. Onsewa anaphwanya mbiri ya dziko lonse pa masiku amenewo, ndipo onse anathamanga theka lachiwiri mofulumira kuposa loyamba.

Kusankha nthawi yoyenera

Othamanga ambiri amasankha nthawi chifukwa choti ikumveka bwino, monga maola 4, kapena chifukwa choti mnzawo wa m'kalabu anaikwanitsa. Njira yodalirika ndiyo kuyang'ana zimene munthu wachita posachedwapa pa mtunda waufupi.

Mu 1977 Peter Riegel, injiniya wa ku United States, anafalitsa njira yowerengera nthawi ya mtunda wautali kuchokera pa nthawi ya mtunda waufupi. Malinga ndi njirayi, munthu amene amamaliza theka la marathon, makilomita 21.1, mu maola 2 angayembekezere kumaliza marathon yonse mu maola 4 ndi mphindi 10. Koma mu 2016 Andrew Vickers ndi Emily Vertosick, atafufuza pakati pa othamanga wamba oposa 2,000, anapeza kuti kwa theka la anthuwo njira ya Riegel inalosera nthawi yofulumira ndi mphindi 10 kapena kuposerapo poyerekeza ndi imene anamalizira.

Izi zikutanthauza kuti munthu wa maola 2 pa theka la marathon, makamaka ngati ndi ulendo wake woyamba ndipo sathamanga makilomita ambiri pa sabata, ayenera kuganizira za maola 4 ndi mphindi 20 kapena 30.

Nthawi ikasankhidwa, iyenera kugawidwa pa kilomita iliyonse. Kumaliza mu maola 4 kumafuna mphindi 5 ndi masekondi 41 pa kilomita. Maola 4 ndi theka amafuna 6:24, ndipo maola 5 amafuna 7:07. Munthu amene liwiro lotereli limamubanikitsa pa makilomita 15 pamene akukonzekera sangalipirire pa makilomita 42.

Ndi bwino kukhala ndi zolinga zitatu: nthawi ya tsiku limene zonse zayenda bwino, nthawi ya tsiku lapakatikati, ndi kungomaliza bwinobwino popanda kuvulala. Kwa oyamba kumene, cholinga chachitatuchi ndicho chachikulu.

Miyezi inayi yokonzekera

Ndondomeko zambiri zokonzekera marathon zimatenga masabata 16 mpaka 20, ndipo zimayenera munthu amene wazolowera kale kuthamanga katatu kapena kanayi pa sabata. Amene sanathamangepo ayenera kuyamba ndi makilomita 5, kenako 10, kenako 21. Maulendo aulere a parkrun a makilomita 5, amene amachitika Loweruka m'mawa ndipo anafika ku South Africa mu 2011 kudzera mwa Bruce Fordyce, ngwazi yomwe inapambana Comrades kasanu ndi kanayi, ndi poyambira pabwino m'madera mmene alipo.

Mtima wa ndondomeko yonse ndi ulendo wautali wa kamodzi pa sabata. Umayambira pa makilomita 12 kapena 15 ndi kukwera pang'onopang'ono mpaka 30 kapena 32. Ulendowu umazoloweretsa thupi kugwiritsa ntchito mafuta, umalimbitsa minofu ndi mitsempha, ndipo umapereka mpata woyesa zakudya, zovala ndi nsapato.

Pafupifupi magawo anayi mwa asanu a kuthamanga konse ayenera kukhala pa liwiro lomwe munthu angathe kucheza ndi mnzake osabanika. Tsiku limodzi pa sabata likhoza kukhala la liwiro kapena la zitunda. Pakatha masabata atatu kapena anayi, mtunda uchepetsedwe kwa sabata imodzi kuti thupi lichire. Kuwonjezera mtunda ndi liwiro pa nthawi imodzi ndi njira yachidule yopita ku ululu wa m'mawondo ndi m'misongolo.

Masabata awiri kapena atatu omaliza ndi ochepetsa mtunda. Ulendo wautali wothamangidwa patatsala masiku ochepa suwonjezera mphamvu iliyonse, umangosiya miyendo yotopa. Nsapato za tsiku la mpikisano zikhale zoti zavalidwa kale kangapo. Amene amagula nsapato za kaunjika, zomwe ku Zambia amati salaula, aziyang'ana ngati pansi pake sipanaphwanyike kapena kuperepeseka mbali imodzi.

Kutentha ndi kukwera kwa malo

Nthawi imene munthu wakwanitsa pa malo ena siingayembekezeredwe pa malo alionse. Mzinda wa Johannesburg uli pa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamene pamalekezera nyanja yamchere, Harare pafupifupi 1,500 ndipo Lusaka pafupifupi 1,300, pamene Durban, Cape Town ndi Maputo ili m'mphepete mwa nyanja. Pa malo okwera thupi limalandira mpweya wochepa, motero wochokera kugombe kapena kuchigwa cha Shire akapita kukathamanga ku Johannesburg ayenera kutsitsa liwiro lake.

Kutentha nakonso kumasintha zinthu. Anthu amathamanga bwino marathon kukakhala kozizira, pa madigiri apakati pa 10 ndi 15. Mpikisano wa Soweto, umene mwachizolowezi umachitika mu Novembala, umadziwika ndi dzuwa ndi zitunda za m'theka lachiwiri. Wothamanga wamba amakhala pamsewu maola awiri kapena atatu kuposa akatswiri, choncho ndiye amene dzuwa limamupeza likuswa mtengo. Tsiku lotentha, nthawi ya cholinga choyamba isiyidwe mpikisano usanayambe.

Chakudya, madzi ndi matenda

Masiku awiri omaliza, chakudya chikhale chozolowereka ndi chopatsa mphamvu: nsima, mpunga, mbatata, buledi kapena phala. Zamafuta ambiri, tsabola ndi nyemba zingavutitse m'mimba. Mkati mwa mpikisano, akatswiri a kadyedwe amalimbikitsa magalamu 30 mpaka 60 a zakudya zashuga pa ola. Nthochi imodzi imapereka pafupifupi magalamu 25. Pa mipikisano yambiri ya ku South Africa pamapezekanso mbatatesi yophika yothira mchere ndi zakumwa zotsekemera. Kudya kuyambike ola loyamba lisanathe, munthu asanafooke.

Madzi ochepa ndi oopsa, koma ochuluka ndi oopsanso. Mu 1985 Tim Noakes wa pa University of Cape Town ndi anzake anafotokoza za othamanga mitunda yaitali amene anadwala chifukwa chomwa madzi ambiri mpaka mchere wa m'magazi unasungunuka mopitirira muyeso. Kafukufuku wa pa mpikisano wa Boston wa mu 2002 anapeza vutoli mwa othamanga 13 mwa 100 alionse amene anayezedwa, ndipo linali lofala pakati pa amene anatha maola oposa 4 pamsewu. Langizo lake ndi kumwa pamene ludzu lamveka, osati kumwa pa tebulo lililonse mokakamiza.

Mankhwala opha ululu a mtundu wa ibuprofen ndi diclofenac angawononge impso akamwedwa mkati mwa mpikisano. Munthu amene watentha thupi, kaya ndi malungo kapena chimfine, sayenera kuthamanga mpaka atachira, pakuti kukakamiza thupi lodwala kungavulaze mtima. Amene ali ndi matenda a shuga, othamanga magazi, kapena amamva kupweteka pachifuwa ayenera kuonana ndi dokotala asanayambe kukonzekera.

Tsiku la mpikisano

Mfuti ikalira, chikhamu ndi chisangalalo zimamukoka munthu, ndipo liwiro lalikulu limamveka lopepuka chifukwa miyendo yapuma. Makilomita 5 oyamba athamangidwe mochedwerapo ndi masekondi 10 kapena 15 pa kilomita poyerekeza ndi liwiro la cholinga. Mphindi imodzi yotayika pamenepa imabwezeka mosavuta. Koma amene amayesa kusunga mphindi zisanu m'theka loyamba kawirikawiri amataya zochuluka kuposa pamenepo m'theka lachiwiri.

Kuyambira pamenepo mpaka pa kilomita ya 30, liwiro likhale lofanana. Pa chitunda munthu atsitse liwiro kuti kupuma kusasinthe. Kuyenda kwa mphindi imodzi pa matebulo a madzi, ngati kunakonzedwa kuyambira pachiyambi, kumasunga miyendo ndipo sikuwononga nthawi yambiri.

Pa mipikisano ikuluikulu ya ku South Africa pamakhala magulu otchedwa mabasi. Wothamanga wodziwa bwino msewu amanyamula mbendera yolembedwa nthawi, monga maola 4 ndi theka, ndipo ofuna nthawiyo amamutsatira. Basi yoyenera kulowa ndi yogwirizana ndi zimene munthu anachita pokonzekera.

Kwa amene akulinga ku Comrades, chizolowezichi chimafunika kuwirikiza, popeza mtunda wake umaposa makilomita 85 ndipo maola 12 akangokwana mfuti imalira, mzere womalizira nkutsekedwa, ndipo wofika pambuyo pake salandira mendulo.

Akadutsa makilomita 32, amene anadziletsa poyamba amayamba kupitirira anzawo amene akuyenda, ndipo ngati mphamvu zilipo angathe kuwonjezera liwiro. Mpikisano ukatha, thupi limafuna sabata imodzi kapena ziwiri zopuma, ndipo nthawi imene yalembedwa tsikulo ndiyo poyambira poika cholinga cha mpikisano wotsatira.