Batani la Meta Lili Pati? Nkhani ya Kalembedwe ka Mabatani mu Emacs

Nkhani ya lero yachokera ku Bangula, m'boma la Nsanje. Kumeneko kuli mnyamata wina amene adatsiriza sukulu ya sekondale, ndipo akudziphunzitsa yekha kulemba mapulogalamu pa kompyuta yakale imene mbale wake adamtumizira kuchokera ku Johannesburg. Batire la kompyutayo lidafa kalekale, kotero kuti magetsi akangothima nayonso imathima pomwepo. Tsiku lina adalemba kwa maola aŵiri m'pulogalamu yolembera yotchedwa Emacs. Nthaŵi ndi nthaŵi ankadina Ctrl pamodzi ndi S monga adaphunzirira kusukulu, ndipo poona timau tina tikutuluka kunsi kwa galasi ankayesa kuti ntchito yake yasungidwa, nadina Enter n'kumapitirira. Chakudza sichiimba ng'oma: magetsi adathima, ndipo atayakanso adapeza fayilo yake ili monga momwe adaisiyira dzulo lake.

Atatsegula buku la malangizo adaŵerenga kuti posunga ntchito munthu adine C-x C-s, ndi kuti pofuna kupulumutsa zotayika ayambe ndi M-x. Tsono funso lake nali. Kodi batani la M limeneli lili pati? Nanga n'chifukwa chiyani eni ake a pulogalamuyi salemba Ctrl+S monga alembera anthu ena onse?

Zilembo zimenezi zimavuta kuzitchula pa wailesi, motero tiyambe ndi kaŵerengedwe kake. C-x sakutanthauza kuti mulembe C wamkulu, kamzere, kenaka x, ai. Akutanthauza kuti mukanikize batani la Ctrl, ndipo musanalisiye mudine x. Mpata uli pakati pa C-x ndi C-s ukusonyeza kuti kudinako n'kuŵiri, kwina kutsogola kwina kutsatira. M ndiye chidule cha mau akuti Meta, dzina la batani limene simudzalipeza pa kiyibodi ina iliyonse yogulitsidwa m'sitolo za ku Limbe kapena ku Lilongwe. Pa makina a masiku ano ntchito yake imagwiridwa ndi batani la Alt.

Kuti timvetse mmene batani losaoneka lidaloŵera m'buku, tibwerere ku chaka cha 1976, ku sukulu ya ukachenjede ya MIT m'dziko la America. Kumeneko Richard Stallman ndi Guy Steele adasonkhanitsa malamulo afupiafupi amene anzao ankagwiritsa ntchito m'pulogalamu yakale yotchedwa TECO, naŵaika m'ndondomeko imodzi. Ndicho chiyambi cha Emacs. Makina a pamalopo adali ndi makiyibodi opangidwa mwapadera, ndipo pa iwo padali batani lolembedwa Meta, loyandikana ndi la Control. Kiyibodi ina ya pa MIT pomwepo idaonjezanso ena aŵiri, Super ndi Hyper. Choncho amene adalemba M-x sadafune kubisira munthu kanthu; adangolemba zimene zala zao zinkakhudza. Stallman atatulutsa GNU Emacs mu 1985, pulogalamuyo idafalikira pa makina ambiri opanda Meta, koma kalembedwe kadapita nayo limodzi. Kwa amene adalibe batanilo padaikidwa njira ina imene ikugwirabe ntchito mpaka lero: kudina Esc, kulisiya, kenaka n'kudina chilembo chofunikacho.

Pamene izi zinkachitika, dziko lonse linkatenga njira ina. Mu 1984 kampani ya Apple idatulutsa Macintosh, m'mene batani la Command pamodzi ndi X, C, V ndi Z linkadula, kukopera, kumata ndi kubweza cholakwa. Windows idatengera zilembo zomwezo niziika pa Ctrl, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1990 mwana aliyense wophunzira kompyuta, kaya ku London kaya ku Nchalo, adakula akudziŵa Ctrl+C ndi Ctrl+V. Emacs ndiye wamkulu pa onseŵa, koma lero aoneka ngati mlendo m'mudzi umene iye adaufika poyamba.

Amene amafuna kuti kalembedwe kasinthe ali ndi mfundo yomveka, ndipo mnyamata wa ku Bangula ndiye umboni wake. Wophunzira wa ku MIT akasokonezeka ankangotembenuka n'kufunsa mnzake wa pa tebulo lina. Wophunzira wa m'chigwa cha Shire mphunzitsi wake ndi buku lokhalo, ndipo ndalama ya intaneti ndi yoŵerengeka. Buku likatchula batani limene palibe, munthu wotere amaganiza kuti cholakwa chili mwa iye, nasiya. Palinso timisampha tina tosafunikira. S wamkulu amaimira Shift pamene s wamng'ono amaimira Super. Batani limene pa kiyibodi lalembedwa Enter, bukulo limalitcha RET, ndipo limene bukulo limalitcha DEL kaŵirikaŵiri ndi lija lofufutira cham'mbuyo lolembedwa Backspace, osati lolembedwa Delete. Ine ndemwe, pamene ndinkayamba, ndidataya madzulo athunthu pa kanthu kameneka.

Nanga bwanji osangosintha? Zifukwa zilipo, ndipo zina n'zolemera kuposa zinzake.

Chopepukirapo ndi chakuti zolembedwa pa mabatani sizifanana kulikonse. Pa kiyibodi ya ku Germany batani la Ctrl lalembedwa Strg. Pa makina a Apple, batani logwira ntchito ya Meta limatchedwa Option. Ndipo munthu ali ndi ufulu woika Meta pa batani lina lililonse limene lamkomera. Motero kulemba Alt+X kungathandize ambiri, koma kwa ena kungakhale bodza lofanana ndi loyamba lija. M satchula batani lenileni, amatchula udindo, monga mmene tinenera kuti mfumu osatchula dzina la amene wakhala pampando. China n'chakuti malamulo a Emacs ngautali. C-x C-s ndi zilembo zoŵerengeka, koma kulemba Ctrl+X, Ctrl+S kambirimbiri pa tsamba limodzi kumatopetsa maso.

Koma chifukwa chachikulu chili pa tanthauzo, osati pa maonekedwe. Mu Emacs, C-s ndi lamulo lofufuzira mau, ndipo timau tija mnyamata ankationa kunsi kwa galasi tinkamfunsa chimene akufuna kufufuza. C-v amatsitsa tsamba. C-z amaimitsa pulogalamu kapena kuibisa. C-x ndi C-c ndiwo zipata: paokha sachita kanthu, amadikira batani lachiŵiri, ndipo kuseri kwao kuli malamulo mazanamazana, ena oikidwa ndi eni pulogalamu, ena oikidwa ndi anthu wamba m'mafayilo ao kwa zaka makumi anai. Mukalemba Ctrl+C m'buku la Emacs, woŵerenga adzayesa kuti wapeza bwenzi lake lakale lokopera, chonsecho wapeza chipata. Kalembedwe kachilendo kaja kali ndi ubwino umodzi umene sitiuganizira: kamachenjeza munthu kuti waloŵa m'dziko la malamulo ena.

Ife Amalaŵi vuto lotere si lachilendo kwa ife, pakuti tidalipyola m'chinenero chathu chomwe. Pitani m'tchalitchi china ku Bangula Lamulungu, mudzapeza mkulu wa mpingo atanyamula Buku Lopatulika, limene lidatuluka koyamba lathunthu mu 1922. M'makope ake akale mau akuti chifukwa adalembedwa cifukwa, ndipo ntchito idalembedwa nchito. Boma litalengeza mu 1968 kuti Chicheŵa ndicho chinenero cha fuko, ndipo bungwe la Chichewa Board litakhazikitsidwa mu 1972, malamulo atsopano a kalembedwe adatuluka mu 1973. C adasanduka ch, ndipo ch wakale adasanduka tch. Taonani msampha wake: zilembo ziŵiri zomwezo, ch, zili ndi liu lina m'buku lakale ndi liu lina m'buku latsopano. Woŵerenga ayenera kudziŵa kuti wagwira buku la mbali iti. Abale athu a ku Zambia sadasinthe, ndipo ku Chipata alembabe Cinyanja. Komabe palibe amene adatentha mabuku akale. Ana adaphunzira kalembedwe katsopano kusukulu, akulu adapitirira ndi kao, ndipo mdzukulu akaŵerengera agogo ake amaphunthwa mizere iŵiri itatu, kenaka diso lizoloŵera.

Pali kusiyana kumodzi kumene kumalemeretsa vuto la Emacs. Munthu akaona cifukwa amamva chimene chikunenedwa, koma kompyuta siganizira. Kalembedwe ka C-x sikali m'buku lokha ai. N'komwenso munthu amalemba pouza pulogalamuyo kuti batani lakuti lichite chakuti. Mutachotsa kalembedwe kakale lero, maŵa mafayilo a anthu miyandamiyanda angaleke kugwira ntchito.

Tsono osamalira Emacs adachita zinthu zitatu, pa nthaŵi zosiyana. Mu 2007, m'kope la 22, adaikamo njira yotchedwa cua-mode. Munthu akaiyatsa, C-v amamata, C-z amabweza cholakwa, ndipo C-x ndi C-c amadula ndi kukopera ngati pali mau osankhidwa, koma ngati palibe amakhalabe zipata monga kale. Ndi nzeru yochenjera, ngakhale imasokoneza pang'ono munthu wa zala zofulumira. Chachiŵiri, phunziro loyamba la m'pulogalamumo, limene limatseguka ndi C-h t, limanena m'mizere yake yoyambirira kuti Meta ndiye Alt pa makina ambiri. Chisoni chake n'chakuti kuti munthu afike pa phunzirolo ayenera kukhala atadziŵa kale kuŵerenga C-h t, kapena kuliona pa tsamba lolonjera limene ambiri amalitseka osaliŵerenga.

Chachitatu ndicho chatsopano, ndipo n'chimene chiyenera kutchedwa kukonza kalembedwe. Kwa zaka zambiri padali njira zingapo zolembera batani limodzi lomwelo m'fayilo ya zokonda za munthu. Wina ankalemba "\C-x\C-f", ndi timizere topendekera. Wina ankalemba [?\C-x ?\C-f], m'mabokosi ndi zizindikiro za funso. Wachitatu ankalemba "C-x C-f" monga zilili m'buku, nadzera pa lamulo lomasulira lotchedwa kbd. Wophunzira wokopera zitsanzo kwa anthu osiyanasiyana ankasakaniza njirazi, ndipo nthaŵi zina pulogalamu inkalandira cholakwikacho mwakachetechete, batani n'kukana kugwira ntchito popanda wonena chifukwa. Emacs 29.1, imene idatuluka mu July 2023, idabweretsa malamulo atsopano monga keymap-set ndi keymap-global-set, amene amalandira kalembedwe kamodzi kokha, kaja ka m'buku. Pakati pa mabatani otsatana payenera kukhala mpata umodzi. Mabatani a maina, monga F1, alembedwa pakati pa zizindikiro zosongoka, chonchi <f1>. Ndipo mabatani okanikiza ali ndi ndandanda yao yosasinthika, A, C, H, M, S, s, kotero kuti C-M-x amalandiridwa koma M-C-x amakanidwa, pulogalamu nikuuzani pomwepo kuti mwalakwitsa. Lamulo lakale lotchedwa define-key sadalichotse. Likugwirabe ntchito, monga momwe Buku Lopatulika likuŵerengedwerabe.

Mwaona kuti M sadamkhudze. Ena adakhumudwa nazo, ati kukonza kwake n'kwa akatswiri okhaokha. Ine ndiona kuti adasankha bwino poyambira, chifukwa njira zitatu zolembera chinthu chimodzi ndi matenda oposa chilembo chimodzi chachilendo. Chilembo chachilendo munthu amachiphunzira kamodzi, mphindi imodzi, basi. Koma pa nkhani ya Meta sindiŵakhululukira kwenikweni. Mphindi imodziyo imafuna munthu wokuuza, ndipo si aliyense ali naye. Sikukadavuta kuti pa malo oyamba pamene M-x aonekera kwa mlendo, pulogalamuyo izinena yokha dzina la batani limene lili pa makina akewo, popeza imadziŵa makina amene yakhalapo. Amene amaphunzitsa achinyamata m'masukulu mwathu, ndi amene angadzamasulire phunziro lija m'Chicheŵa kapena m'Chisena, ayambe ndi mzere umenewu asananene china chilichonse.

Tsopano tiyankhe mnyamata wathu. Ntchito yanu, achimwene, mwina sidatayike. Emacs imasunga yokha kope lapadera mukadina mabatani 300, kapenanso mukapuma kwa masekondi 30, ndipo kopelo limakhala pambali pa fayilo yanu, dzina lake lili ndi chizindikiro cha # kumayambiriro ndi kumapeto. Tsegulani fayilo yanu ndi C-x C-f, ndipo musalembemo kanthu. Kanikizani Alt, mudine x, musiye, kenaka mulembe recover-this-file ndi kudina Enter. Idzakuonetsani makope aŵiriwo ndi nthaŵi zao, nikufunsani ngati mufuna lapaderalo. Muvomere polemba yes, ndipo mukaona mau anu abwerera musunge ndi C-x C-s nthaŵi yomweyo. Mukasokonezeka pakati pa lamulo lililonse, C-g amakutulutsani.

Mudafunsanso za chilembo cha ŵ, chimene sichili pa kiyibodi yanu ya ku Johannesburg. Nambala yake m'kaundula wa zilembo za dziko lonse wotchedwa Unicode ndi 0175. Dinani C-x, kenaka 8, kenaka Enter, mulembe 0175, ndi kudinanso Enter. M'buku mudzazipeza zitalembedwa C-x 8 RET.