KUTENTHA KWA DZUWA NDI CISANU CA M'MADIMBA

Caka ndi caka, m'miyezi ya June ndi July, alimi ena ataya mbeu zao za m'dimba usiku umodzi wokha. Matimati awauka, masamba a nthoci ada ngati apsa ndi moto, koma dimba la mnansi, liri pamtunda pang'ono, likhala lobiriwira. Ena poona ici aganiza kuti wina wawacitira ciwembu. Iai. Coononga mbeuzo ndico cisanu, ndipo cisanu ciri ndi mayendedwe ace odziwika. Mlimi wozindikira kumene kutentha kucokera ndi kumene kupita angathe kupulumutsa mbeu zace popanda kutaya ndalama.

UKALI WA KUTENTHA NDI KUCULUKA KWACE

Poyamba tisiyanitse zinthu ziwiri. Khala limodzi la moto liri lotentha koposa mbiya yodzala ndi madzi ofunda. Koma mukaponya khalalo m'mbiya lizima pomwepo, ndipo mbiyayo isunga kufunda kwace kufikira usiku. Tsono khala lipambana pa ukali wa kutentha, koma mbiya ipambana pa kuculuka kwa kutentha kumene yasunga.

Ukali umenewu uyesedwa ndi cipangizo cochedwa thermometer, ndipo uwerengedwa m'madigiri a Celsius. Dzinali ndi la munthu wa ku Sweden, Anders Celsius, amene anayamba muyesowu m'caka ca 1742. Madzi aundana pa digiri 0, nawira pa madigiri 100 m'mbali mwa nyanja yamcere. Thupi la munthu wosadwala likhala pa madigiri 37.

Kutentha kuli ndi lamulo limodzi: kucoka pa cinthu cotentha kunka ku cinthu cozizira. Cinthu cikazizira, ndiye kuti kutentha kwace kwacoka. Ndiponso zinthu zisiyana pa kasungidwe kace. Kuti madzi afunde afuna kutentha koculuka ngati kasanu kuposa dothi louma lolemera cimodzimodzi. Cifukwa cace madzi acedwa kufunda, acedwanso kuzizira.

NJIRA ZIMENE KUTENTHA KUYENDAMO

Njira yoyamba ndiyo ya ceza. Munthu wootha moto amva kutentha kumaso pamene msana wace uli kuzizira, ndipo wina akaima pakati pa iye ndi moto, kutenthako kuleka nthawi yomweyo. Momwemo ceza ca dzuwa ciyenda mtunda wa makilomita 150,000,000, nicifika kwa ife patapita mphindi 8. Nthaka ndi miyala nazonso zitulutsa ceza cao, koma cosaoneka ndi maso. Imani pafupi ndi thanthwe dzuwa litalowa, mudzacimva pakhungu.

Njira yaciwiri ndiyo ya kukhudzana. Wosula makasu akaika nsonga ya citsulo pamoto, posacedwa citsulo conse catentha kufikira kogwira. Mthiko sutero, mai aomba nao nsima osapsa dzanja. Mpweya wokhala cete ufanana ndi mthiko, supititsa kutentha msanga. Ndico cifukwa cace bulangete ndi denga la udzu zisunga kufunda: ziri ndi mpweya wambiri wotsekeredwa m'kati mwao.

Njira yacitatu ndiyo ya kuyenda kwa mpweya weniweniwo. Mpweya ukafunda upepuka nukwera, monga tiona utsi uli kukwera; ukazizira ulemera nutsika. Pokwera utenga kutentha kunka nako kumwamba.

Palinso njira ina, ya nthunzi. Madzi posanduka nthunzi atenga kutentha pa cinthu cimene acokapo. Thukuta pouma liziziritsa thupi, ndipo mtsuko wadothi uziziritsa madzi cifukwa ca cinyontho cimene ciuma kunja kwace.

USANA: NTHAKA NDIYO ITENTHETSA MPWEYA

Anthu ambiri ayesa kuti dzuwa litenthetsa mpweya, ndipo mpweyawo utenthetsa nthaka. Zoona zace nzakuti ceza ca dzuwa cipyola mpweya osaufunditsa kwambiri, ndipo ngati theka la ceza conse cofika ku dziko lapansi lilowa m'nthaka ndi m'madzi. Nthaka ikafunda itenthetsa mpweya woikhudza, mpweyawo nukwera, wina wozizira nutsika kudzalowa m'malo mwace. Motero mlengalenga utenthedwa kucokera pansi, monga mphika pamafuwa.

Umboni wace tiuona masiku onse. Dzuwa lifika paliombo pa 12 koloko, koma kutentha kukula pa 2 kapena 3 koloko, nthaka itayamba yakhuta. M'mwezi wa October kabvumvulu anyamula pfumbi m'minda youma, ndipo miimba ikwera kumwamba osakupiza mapiko, itasenzedwa ndi mpweya wofunda.

Mpweya pokwera ufutukuka nuzizira. Kawirikawiri kutentha kucepa ndi madigiri 6 ndi theka pa mamita 1,000 ali onse. Cifukwa ca ici cigwa ca Luangwa, cimene ciri pansi, citentha koposa mtunda wa Chipata ndi Lundazi; m'cigwamo kutentha kwa October kupitirira madigiri 40 masiku ena. Ndipo m'dzinja mpweya wokwerawo ukazizira, nthunzi yace isanduka mitambo, ndiyo mitambo yamvula imene iunjikana masana.

USIKU: NTHAKA ITAYA KUTENTHA KWACE

Dzuwa likalowa nthaka silandiranso kanthu, koma ipitirirabe kutulutsa ceza cace kunka kumwamba. Cimene citithandiza ndi ici: mitambo ndi nthunzi za m'mlengalenga zigwira cezaco nizibwezera cina pansi, monga cofunda. M'caka ca 1859 John Tyndall, poyesa mipweya ya mitundu mitundu ku London, anaonetsa kuti nthunzi yamadzi ndi mpweya wa carbon dioxide zigwira kutentha kotere. Pakadapanda cofunda cimeneci, dziko lonse lapansi likadazizira kufikira madigiri 18 kunsi kwa 0, m'malo mwa madigiri 15 amene likhalapo mukalinganiza maiko onse.

M'miyezi ya June ndi July cofundaco cipyapyala. Mvula inaleka kale, mpweya uli wouma, thambo liri loyera, ndipo usiku utalika. Usiku wotalika koposa ufika ca pa 21 June. Tsono nthaka itaya kutentha kwace usiku wonse, niiziziritsa mpweya woikhudza. Kuzizira kukula m'banda kuca, dzuwa liri pafupi kuturuka.

Pano pali codabwitsa. Tanena kuti usana malo otsika atentha koposa malo okwera. Koma usiku wopanda mphepo zinthu zitembenuka. Mpweya wozizira, pokhala wolemera, utsetsereka pang'ono pang'ono kucoka ku mitunda, nutsata makwawa monga acita madzi, nukadikha m'dambo. Yense woyenda usiku adziwa kuti potsikira kudambo miyendo iyamba kumva kuzizira, ndipo m'mamawa nkhungu igona m'dambomo pamene kumtunda kwayera. Madimba athu ali komweko cifukwa ca madzi, ndiko kunena kuti ali m'thamanda la mpweya wozizira.

Kuzizira pa masamba kukafika kunsi kwa digiri 0, madzi a m'kati mwao aundana naononga minofu yace. Dzuwa poturuka tsamba lifota, kenaka lida. Dziwaninso kuti oyesa nyengo asunga thermometer yao m'kabokosi koyera kokwezedwa ngati mita imodzi ndi theka. Pa udzu pazizira koposa pamenepo. Tsono mukamva pa wailesi kuti kuzizira kudzafika madigiri 3 kapena 4, dimba la m'dambo lingathe kugwidwa ndi cisanu. Kumwera ca kumadzulo kwa Zambia, monga ku Sesheke, bvutoli likula koposa, popeza mcenga wouma wa kumeneko susunga kutentha.

ZIZINDIKIRO ZA USIKU WA CISANU

Cenjerani mukaona izi pamodzi: thambo lopanda mtambo, nyenyezi zowala kwambiri, mphepo itagwa madzulo, ndi kuzizira kofika msanga dzuwa litangolowa. Usiku wa mitambo suopsa, pakuti cofunda cabwera. Usiku wa mphepo nawonso suopsa kwambiri, pakuti mphepo isanganiza mpweya wozizira wa pansi ndi wofunda wa pamwamba pace.

ZIMENE MLIMI AYENERA KUCITA

1. Gawani dimba lanu mwanzeru. Matimati, nyemba, maungu, mbatata, nthoci ndi mapapaya siziumirira pa cisanu. Zibzaleni kumtunda kwa dimba. Kabici, repu, mpiru ndi anyezi zipirira. Zimenezi zikhale kunsi.

2. Penyani mpanda wanu. Mpanda wa udzu wothinana kumtunda kwa dimba upatutsa mpweya wozizira. Koma mpanda wothinana kunsi uchinga mpweyawo monga mcera uchinga madzi, ndipo mbeu zimira m'menemo. Kunsiko mangani mpanda wa mitengo yotalikirana, woletsa ng'ombe ndi mbuzi koma wopititsa mpweya.

3. Thirirani m'mawa kapena masana, kuti nthaka yonyowa ilandire dzuwa. Nthaka yonyowa isunga kutentha kwambiri, niikubweza usiku. Nthaka youma iribe cobweza.

4. Musagaule kapena kufukula dothi masiku a cisanu. Dothi lofukuka lidzala ndi mpweya, ndipo kutentha kwa pansi kulephera kukwera kufika ku mbeu. Palirani kale, nthaka ikhale yoyera ndi yokhazikika.

5. Zinyalala ndi udzu woyala pansi zithandiza m'miyezi ya September ndi October, pochinjiriza nthaka ku dzuwa ndi kusunga cinyontho. Koma m'nyengo ya cisanu zitsekera kutentha m'nthaka, ndipo masamba okhala pamwamba pace azizira koposa. Zikankhireni pambali kufikira cisanu citapita.

6. Fundikani mbeu madzulo. Mangani kathandala pamwamba pa nazale kapena pa mizere ya matimati, nimuyalepo udzu, mphasa kapena matumba dzuwa lisanalowe, cofundaco cisakhudze masamba. Cidzagwira ceza ca nthaka monga ucita mtambo. M'mawa dzuwa litakwera cotsani, kuti nthaka ifundenso.

7. Musakhulupirire utsi. Utsi sugwira ceza ca nthaka monga icita mitambo yamadzi, ndipo moto wosiyidwa usiku m'mwezi wa July ungathe kulowa m'chire ndi kutentha msipu wa mudzi wonse.

8. Zindikirani malo amene cisanu cinagwa caka catha. Cidzabweranso komweko, pakuti njira ya mpweya wozizira siisintha, monga mtsinje susiya khwawa lace.

Alimi anzathu, nkhani yonse yagona pa mau awa: usana nthaka ilandira kutentha, usiku ikubweza. Nchito yanu ndiyo kuthandiza nthaka kulandira kwambiri usana, kuletsa kutenthako kuthawira kumwamba usiku, ndi kutsegulira njira mpweya wozizira kuti upite. Ngati mukayika za pobzala mbeu yakuti m'dimba lanu, itanani mlangizi wa zaulimi wa kwanu mwezi wa May usanathe, kuti muyendere naye dimbalo cisanu cisanafike.