Kodi Anapiye Anu Amadya Mayuniti Angati?

Mlimi wophunzitsidwa bwino amadziwa matumba a feteleza amene anathira m'munda, ndiponso makilogalamu a chakudya chimene nkhuku zake zadya kufikira tsiku logulitsa. Koma za magetsi ndi gasi ambiri a ife timangogula zikatha, osalemba paliponse. M'makomo momwe nyumba, khola la nkhuku ndi pampu ya kudimba zimakoka magetsi pa mita imodzi, chizolowezi chimenechi chimabisa zambiri. Phindu limene limaoneka m'buku la nkhuku nthawi zina limakhala ndalama ya ndiwo ndi ya sukulu imene inapita ku mayuniti. Kuti mudziwe zoona zake mungofunika kabuku, cholembera, sikelo ndi mphindi zisanu pamlungu.

Mita yolipiriratu ya ZESCO imawerenga chobwerera m'mbuyo. Nambala imene mumaiona pagalasi ndi ya mayuniti otsala, osati amene mwagwiritsa ntchito. Yuniti imodzi ndi mphamvu imene chipangizo cha mawati 1,000 chimatha pa ola limodzi, ndipo pa risiti amailemba kuti kWh.

Sankhani tsiku limodzi pamlungu ndi nthawi imodzi yowerengera, monga Lachisanu dzuwa lisanalowe. Musayese ndi tsiku limodzi lokha, pakuti masiku a m'makomo mwathu salingana. Lachisanu ndi tsiku lokonzekera, timaphika, kusita ndi kutenthetsa madzi, pamene pa Sabata sitovu ndi simbi zimapuma. Mlungu wathunthu ndiwo umapereka chithunzi choona.

Tiyerekeze kuti Lachisanu loyamba mita ikuonetsa 86. Pakati pa mlungu mwagula mayuniti 50, ndipo Lachisanu lotsatira ikuonetsa 73. Phatikizani 86 ndi 50, mupeza 136. Chotsanipo 73, patsala 63. Amenewa ndiwo mayuniti a masiku 7, kutanthauza mayuniti 9 patsiku, kapena 270 pa masiku 30. Pambali pake lembaninso maola amene magetsi anathima, chifukwa mlungu wa kuthimathima umaonetsa nambala yochepa imene ingakunamizeni.

Tsopano tibwere ku ndalama. Mayuniti a m'nyumba sali pa mtengo umodzi. Mitengo imene bungwe la Energy Regulation Board limavomereza imakwera ngati makwerero: mayuniti 100 oyamba a mwezi ndi otsika mtengo koposa, otsatira kufikira 300 ndi okwererapo, ndipo opitirira pamenepo ndi okwera kwambiri. N'chifukwa chake K100 ya kumayambiriro kwa mwezi imagula mayuniti ambiri kuposa K100 ya kumapeto. Mitengo imasintha, ndiponso pamakhala misonkho, choncho sungani marisiti anu. Pa risiti iliyonse gawani ndalama zimene mwalipira ndi mayuniti amene mwalandira, ndipo mudzadziwa mtengo weniweni wa yuniti imodzi.

Pophunzira chabe, tiike mitengo yongoyerekeza: 60 ngwee pa gawo loyamba, K1.30 pa lachiwiri ndi K2 pa lachitatu. Banja la mayuniti 270 lija lilipira K60 pa mayuniti 100 oyamba ndi K221 pa 170 otsalawo, zonse pamodzi K281.

Ndiyeno banjali lagula anapiye 100 m'mwezi wa Juni, nthawi yachisanu, ndipo lawayatsira mababu awiri otenthetsa a mawati 250 lililonse. Lamulo lake ndi losavuta: chulukitsani mawati ndi maola, kenako gawani ndi 1,000. Babu limodzi loyaka usana ndi usiku limatha mayuniti 6 patsiku, awiri amatha 12, ndipo pa masiku 14 afika 168. Mwezi umenewo mita itha mayuniti 438. Nyumba inali itatenga kale mayuniti otsika mtengo, motero a anapiye onse agwera kumtunda: 30 pa K1.30 ndi 138 pa K2, zomwe ndi K315. Mababu awiri adya ndalama zoposa za nyumba yonse, ndipo mwanapiye aliyense wawonjezera K3.15 pa mtengo wake. Mlimi amene sanalembe ndalamayi amaika mtengo wa nkhuku wochepa, amagulitsa mokondwa, kenako amadabwa kuti ndalama yogulira anapiye ena siikukwana.

Lamulo lomweli ligwira ntchito pa pampu. Ya mawati 750 ikamayenda maola awiri patsiku imatha yuniti imodzi ndi theka, ndiye kuti mayuniti 45 pamwezi, ndipo amenewa ayenera kulembedwa m'buku la dimba. Ngati simudziwa mawati a chipangizo, yerekezani mlungu umene chinayaka ndi mlungu umene sichinayake. Kusiyana kwake ndiwo mayuniti ake.

Chilala cha 2024 chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi ankathima maola ambiri tsiku lililonse, ndipo mabanja ambiri anayamba kuphikira gasi. Silinda ya gasi ilibe mita, koma sikelo imene mumayezera chimanga ingagwire ntchito yomweyo. Pa chogwirira kapena m'munsi mwa silinda pamadindidwa kulemera kwake ikakhala yopanda kanthu. Tsekani gasi, yezani silinda ili choimirira, chotsanipo nambala yodindidwayo, ndipo chotsalacho ndi gasi amene muli naye. Ngati Lachisanu lotsatira yapepuka ndi makilogalamu 1.4, ndiye kuti mukutha 0.2 patsiku, kapena makilogalamu 6 pamwezi. Silinda ya makilogalamu 9 idzakufikitsani masiku 45. Chulukitsani 6 ndi mtengo wa kilogalamu imodzi kumene mumadzazitsa, ndipo mwapeza ndalama ya gasi ya mwezi. Mwadziwanso tsiku limene adzathe, kotero kuti mphika wa nsima sudzazimira pakati alendo ali pakhomo.

Sikelo imatetezanso moyo. Silinda ikamapepuka msanga pamene kaphikidwe sikanasinthe, mwina gasi akutuluka penapake. Pakani thovu la sopo pa paipi ndi polumikizira. Pamene pakutuluka gasi, thovu lidzafufuma. Musayese ndi machesi ngakhale pang'ono, ndipo tsegulani mazenera.

Ukapitawo umene timaphunzitsana kutchalitchi umayambira pa zinthu zazing'ono zotere. Mlimi amabweza chakhumi kuchokera pa phindu lake, ndipo sangadziwe phindulo ngati zina zimene anawononga sizinalembedwe. M'banjanso mikangano ya ndalama imachepa pamene bambo ndi mayi akuona nambala zomwezo m'kabuku kamodzi, mmalo moganizirana kuti wina akuwononga.

Jambulani mizere isanu m'kabuku kanu: tsiku, mayuniti otsala, mayuniti ogulidwa, ndalama zolipidwa ndi kulemera kwa silinda. Ntchito yolembayo ipatseni mwana wa sukulu, aphunzirirepo masamu. Pakatha milungu inayi mudzakhala ndi nambala za nyumba yanu. Musanaitanitse anapiye ena, werengani kaye mayuniti amene adzafune, muwaike pamzere umodzi ndi chakudya ndi katemera, kenako muike mtengo wa nkhuku.