Malipiro akabwera oposa pangano

Chiyambire Novembala 2023, pamene ndalama ya kwacha idachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, malipiro a anthu ambiri apantchito m'tauni asiya kukhala nambala imodzi yodziwika mwezi ndi mwezi. Uku akweza pang'ono pakati pa chaka, uko apereka pakamodzi ndalama zotsalira za miyezi itatu, kwina awonjezera alawansi ya thiransipoti mafuta akakwera mtengo. Mu Febuluwale 2024 boma nalo lidakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi, ndipo owerengera malipiro m'maofesi adayambiranso kukonza mabuku awo. Mabuku akamasinthidwasinthidwa chonchi, zolakwika sizilephera. Mkhalakale pantchito amadziwa khomo lokagogoda. Amene amasowa mtengo wogwira ndi uja wangolembedwa kumene, pamene meseji yoyamba ya ku banki yamuuza nambala yoposa imene adasainira.

Mmodzi mwa anthu otere ndi mtsikana wazaka 26 wa ku Ntcheu, amene tidacheza naye ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe. Adamaliza dipuloma ya zamalonda n'kutha zaka zitatu akugulitsa kaunjika, kenako adapeza ntchito ya ukalaliki wolemba katundu pakampani ina yogulitsa zipangizo za ulimi ku Kanengo. Izi zidachitika mu 2024. Kalata yake idati azilandira K300,000 pamwezi asadadule msonkho, ndipo miyezi 6 yoyamba ikhala yomuyesa. Ndi munthu wa masamu, choncho adakhala pansi ndi kope. Nthawi imeneyo K150,000 yoyamba inali yosadulidwa msonkho, yotsatirayo ankadula K25 pa K100 iliyonse, ndipo 5 peresenti inkapita ku penshoni. Adapeza kuti m'manja mwake muzifika K247,500, ndipo adaigawiratu yonse pakopepo: lendi, thiransipoti, ufa, makala, sopo, ndi kangachepe kotumiza kumudzi.

Meseji idalowa madzulo a pa 27, ali m'minibasi pobwerera kunyumba. Foni yake njosweka galasi pakona, ndiye poyamba adayesa kuti mng'aluwo ndiwo ukumusokoneza. Adaipendeketsa n'kuwerenganso. K373,500. Adatsika asadafike pasiteji yake, n'kupita pa ATM kukaona ndi maso. Kapepala kadatuluka ndi nambala yomweyo. Adakapinda kanayi n'kukalowetsa kuseri kwa chikwama cha foni, ndipo mpaka lero kadakali komweko, inki itayamba kufufutika.

Sabata yoyamba sadakhudze K126,000 yapamwambayo. Pepala lofotokoza malipiro sadapatsidwe. Atafunsa kwa mlembi wa muofesi adauzidwa kuti mapepalawo amatuluka mochedwa ndipo amene akulifuna azikumbutsa. Masana ena, akudya nsima pachiimirire kuseri kwa mpanda wa kampani, adanong'oneza mnzake amene wakhalapo zaka zisanu. Mnzakeyo adapukusa mutu n'kunena kuti: "Iwe, pano za ndalama sitifunsa. Mwina akweza, mwina ndi alawansi. Ukakafunsa ndiye kuti wawakumbutsa."

Mawu amenewo adamumasula, ndipo ndalama idapeza njira zake mosavuta. Adabweza ngongole imene adatenga kwa mayi wina wokongoza ya katapila kuti azikwerera minibasi mwezi woyamba uja. Adalipira lendi ya mwezi umene adatsalira. Mlongo wake wa Fomu 3 adali atabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi, ndiye adatumiza pa foni tsiku lomwelo. Adagulanso nsapato zakuda zapansi ndi mabulauzi awiri, poti adatopa kuchapa imodzi usiku uliwonse n'kuivala isadaumitsitse. Palibe chimene adagula chimene munthu angachitche kusakaza. Mwezi wachiwiri meseji idabweranso ndi nambala yomwe ija, ndipo apa mtima udakhala pansi. Adatsimikiza kuti akweza, n'kuthandiza mayi ake kugula feteleza mvula isadagwe.

Mwezi wachitatu meseji siidabwere. Anzake onse mafoni adalira, yake ziii. M'mawa mwake adaitanidwa kuofesi ya akauntanti, bambo wachikulire wovala magalasi, amene adamutembenuzira kompyuta kuti aone yekha. Polemba dzina lake m'buku la malipiro adaliika pamalo pa mkulu woyang'anira katundu amene adasiya ntchito, ndipo malipiro a mkuluyo adali K480,000. Kwa miyezi iwiri kampani idamulembera K360,000 yoposa pangano. Kuti ndalamayo iyambe kubwerera, kampaniyo idatenga malipiro ake onse a mwezi wachitatu, ndipo akauntantiyo adamuuza kuti kwatsala K112,500.

"Achemwali, inu simudaone kuti ndalamazi si zanu?" adafunsa bamboyo.

"Bwana, ndimayesa mwakweza," adayankha, ndipo akuti china chilichonse chimene adakonzeka kunena chidauma pakhosi.

Mwezi umenewo adayenda wapansi kuchoka ku Area 25 kukafika ku Kanengo ndi kubwerera, nsapato zatsopano zija zili m'jumbo kuopa fumbi, kuphazi kuli masilipasi. Masana ankadya chinangwa chophika. Kwa alandilodi adapita ndi kalata yolembedwera ntchito m'manja kukapempha kuti amudikire. Kumudzi sadanene kanthu, chifukwa mayi ake adali atauza kale abale kuti mwana wawo wapeza ntchito yabwino.

Funso limene lagawa anthu amene adamva nkhaniyi ndi limodzi: kodi kukhala chete kuja kudali kuba? Akuluakulu angapo ogwira ntchito zowerengera ndalama amene tidawafunsa sadazengereze. Iwo akuti munthu amene adawerengera yekha pakope n'kupeza K247,500 sanganene kuti sadadziwe. Adadziwa, ndipo umboni wake ndi sabata ija adakhala osaikhudza ndalamayo. Akuti pantchito yolemba katundu chimene bwana amagula kwenikweni ndi kukhulupirika, ndiye kalaliki amene waona nambala yolakwika pa malipiro ake n'kungokhala duu, adzatani tsiku limene matumba a feteleza adzapezeke ochuluka kuposa a m'buku? Mayi wina amene wakhala zaka zambiri akulemba anthu ntchito adati mabwana ena amaiwala ndalamayo koma saiwala kuti munthuyo sadanene, ndipo zimatulukira pa tsiku lokambirana zomukhazikitsa pantchito.

Anzake a mtsikanayu pakampanipo akuona mosiyana kwambiri, ndipo amalankhula mokwiya. Akuti iye sadalembe yekha dzina lake m'buku, sadapemphe, sadanamize munthu. Adafunsa pepala la malipiro, sadampatse. M'chaka chimene aliyense ankamva zokweza malipiro kuli konse, n'chifukwa chiyani iye yekha akadaganiza kuti mwayi wake ndi cholakwika? Malume ake, amene adagwirapo ntchito m'maesiteti a fodya, adati wolakwa ndi amene adalemba, ndipo ngati pali wodulidwa malipiro ndi akauntantiyo. Anthuwa amakumbutsanso chinthu chimene aliyense wapantchito adachionapo: kampani ikakulipira moperewera, umayenda miyezi kuofesi ukuuzidwa kuti zikonzedwa mwezi wamawa, koma ikakulipira mopitirira, imakonza tsiku limodzi.

Kunena mosapsatira, ndalamayo siinali yake, ndipo ankayenera kufunsa mwezi woyamba womwewo, kwa mwini buku osati kwa mnzake wodya naye nsima. Malamulo amene makhoti athu amatsata amalola munthu amene walipira molakwitsa kuitanitsa ndalama yake, ndipo kunena kuti "ndadya kale" kawirikawiri sikuthetsa ngongoleyo. Koma amene akumutcha wakuba akudumpha chinthu chachikulu. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limalola kuti munthu waluso ayesedwe mpaka miyezi 12, ndipo m'nthawi imeneyo mbali iliyonse ingathe kuthetsa ntchito popanda chidziwitso. Munthu amene wadikira zaka zitatu kuti alembedwe, ndipo akudziwa kuti angauzidwe Lachisanu kuti asabwerenso Lolemba, amaopa khomo lililonse lotseka. Amaopa kuoneka wovuta, amaopa kuoneka wokonda ndalama, amaopanso kuloza cholakwa cha munthu wamkulu amene adzakhale nawo pomuweruza. Mantha omwewo ndi amene adamutseka pakamwa pamene ankamulanda malipiro onse a mwezi.

Ndipo apa m'pamene kampaniyo idalakwa kachiwiri, kulakwa koposa koyamba kuja chifukwa uku kudali kwadala. Lamulo lomwelo limati wantchito azilandira pepala lofotokoza bwino malipiro ake ndi zonse zodulidwa nthawi iliyonse akalipidwa, komanso silipatsa bwana ufulu wodula chilichonse chimene wafuna m'mene wafunira. Pepalalo likadaperekedwa mwezi woyamba, mtsikanayu akadaona K480,000 pamwamba ndi udindo umene si wake, ndipo nkhani ikadathera pomwepo. Kusiya munthu wopanda ngakhale tambala mwezi wathunthu, osamuchenjeza, osakhala naye pansi, ndi nkhanza zimene palibe buku la kampani lingaziikire kumbuyo.

Palinso masamu amene pachiyambi palibe adawalabadira. K360,000 imene kampani inkaitanitsa siidafike yonse m'manja mwa mtsikanayu. Iye adalandira K126,000 yapamwamba kawiri, yonse pamodzi K252,000. K108,000 inayo idapita ku msonkho wa PAYE ndi ku penshoni, potengera malipiro olakwika aja. Kumuuza kuti abweze yonse kuchoka m'thumba mwake kunali kumulipiritsa ndalama imene sadaionepo. Kukonza za msonkho umene udaperekedwa mopitirira ndi ntchito ya olemba buku la malipiro, poti ndiwo amadula ndi kutumiza. Adamutsegula maso pa mfundoyi ndi mphunzitsi wake wakale wa kukoleji, amene adamulangizanso kuti alembe kalata yaulemu, asunge kope lake, ndipo zikakanika apite kuofesi ya boma yoona za apantchito. Sadafike kumeneko. Atalandira kalatayo, akauntanti adawerengeranso n'kupeza kuti pa zimene adatenga kale padangotsala K4,500. Kupepesa kokha sikudamveke.

Si ndalama iliyonse yodzidzimutsa imene imakhala yolakwika, ndipo n'chifukwa chake kufunsa sikutayitsa kanthu. Mnyamata wina woyendetsa galimoto pakampani ina ku Limbe adapeza K60,000 yapamwamba pa malipiro ake oyamba. Tsiku lomwelo adalemba meseji ya pa WhatsApp kwa woyang'anira antchito, yofunsa mwachidule kuti ndalamayo ndi ya chiyani. Yankho lidabwera lakuti ndi alawansi ya maulendo awiri amene adagona kunja, ndipo adaidya mtima uli m'malo. Namwino wina wa pachipatala chomwe si chaboma adafunsanso chimodzimodzi, n'kupezeka kuti adamulipira mwezi wathunthu chonsecho adayamba pakati pa mwezi. Adagwirizana zomudula pang'onopang'ono kwa miyezi inayi, n'kusainirana. Onse awiriwa adafunsa polemba, ndipo ndalamayo adaisiya m'akaunti kufikira yankho litabwera. Mawu a pakhonde amakanidwa, koma meseji imakhala ndi tsiku lake.

Amene tidacheza nawo adatchulanso msampha wina wofunika kusamala nawo. Pali akamberembere amene amatumiza meseji yonamizira kuti ndalama yalowa, kenako n'kuimba foni ngati a kuofesi kuti "tatumiza molakwitsa, bwezani pa nambala iyi". Wantchito watsopano, amene sadziwa mawu a anthu a muofesi yake, ndiye nyama yawo. Ndalama yoyenera kubwezedwa ibwezedwe ku akaunti ya kampani kapena podulidwa pa malipiro, pali chikalata, osati pa nambala ya foni ya munthu.

Mtsikana wa ku Ntcheu uja adakhazikitsidwa pantchito, ngakhale nthawi yomuyesa adaitalikitsa ndi miyezi itatu popanda kumuuza chifukwa. Masiku ano pepala la malipiro amalikumbutsa pa 28 paliponse, ndipo mlembi wa muofesi adazolowera kumukonzeratu.

Komabe iye adali ndi kalata yoti aloze, ndi nambala yoti ayerekezere. Alonda ambiri, antchito a m'nyumba ndi anyamata a m'mashopu a m'maboma amalembedwa ndi mawu apakamwa, ndipo malipiro awo amabwera pa foni kapena m'manja. Mayi wina wogwira ntchito m'nyumba ku Namiwawa adatiuza kuti Disembala wake woyamba adapeza K15,000 yapamwamba mu envelopu, adathokoza mogwada, adona n'kumwetulira osanena kanthu. Iye adagulira ana zovala za Khirisimasi. Kumapeto kwa Januwale envelopu idabwera yoperewera K15,000, ndipo adona adati ija inali adivansi.