Koloko Yochokera Kunja Ikaima pa 12, Musaitaye

Mayi wina wa ku Kachulu, m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, analandira koloko yapakhoma kuchokera kwa mwana wake amene amagwira ntchito ku England. Ataika batire, mivi inazungulira yokha mothamanga, kenaka n'kuima pa 12, osasunthanso. Anasintha batire, anadikira masiku awiri, koma osaphula kanthu. Pamapeto pake anaiponya kunsi kwa bedi, uku akudandaula kuti ogulitsa anamugwira m'maso mwana wake.

Komatu amayi, kolokoyo inali yamoyo. Inali kudikira mawu amene kwathu kuno safika.

Makoloko otere, amene masiku ano amapezekanso pa kaunjika, amalembedwa kuti Radio Controlled, kapena Funkuhr ngati achokera ku Germany, ndipo ena ali ndi kachithunzi ka mlongoti. M'kati mwake muli kawailesi kakang'ono kamene sikaimba nyimbo. Ntchito yake ndi kumvera nyumba imodzi youlutsa nthawi basi. Ya ku Germany ili ku Mainflingen, pafupi ndi Frankfurt, ndipo imatchedwa DCF77. Ya ku England inali ku Rugby, koma mu 2007 inasamukira ku Anthorn. Nyumbazi zimatenga nthawi ku makoloko a atomu, amene angathe kuyenda zaka zikwizikwi osataya ngakhale sekondi imodzi. Pa sekondi iliyonse zimatumiza kachizindikiro, ndipo mphindi ikamakwana koloko yanu imakhala itamva ora, mphindi ndi tsiku. Makoloko ambiri amamvera usiku, pamene mafunde amayenda bwino, n'kudzikonza okha eni ake ali m'tulo.

Ku Ulaya koloko ikakana kumva, amaisendeza pafupi ndi zenera, kutali ndi kanema ndi zitsulo, n'kuisiya usiku wonse. Kuno musadzivute nazo zimenezo. Mafunde a ku Mainflingen amafika pa mtunda wa makilomita pafupifupi 2,000, pamene kuchokera kumeneko kudzafika ku Zomba ndi makilomita oposa 7,000. Ngakhale mutakwera nayo paphiri la Chisi, siingamve kanthu. Ndipotu mwina ndi mwayi, pakuti nthawi ya ku England imatsalira m'mbuyo mwa yathu ndi ora limodzi kapena awiri malinga ndi nyengo. Mukadafika ku sikelo anzanu atayezetsa kale ana.

Tsono chitani izi. Tembenuzani koloko, muone kabatani kolembedwa SET kapena M.SET. Pa makoloko ambiri, mukakadina osachotsa chala mivi imayamba kuyenda. Ikafika pa nthawi yoyenera, siyani. Kuyambira pamenepo iziyenda ngati koloko ina iliyonse ya batire, yolakwa ndi masekondi ochepa chabe pa sabata. Batire likatha mudzabwerezanso zomwezo.

Nanga nthawi yoyenerayo muitenga kuti? Amayi athu ankatchera mawotchi pa wailesi ya MBC, imene inayamba mu 1964, ndipo njirayo njabwinobe: dikirani nkhani za pamwamba pa ora. Amene mumatsegula BBC mudzamva timalikhweru 6, mwambo umene unayamba mu 1924; kotsiriza kamene n'kotalikirapo ndiko kamanena kuti ora lakwana. Foni ya m'manja nayonso imathandiza, bola ikhale yotcheredwa kuti izitenga nthawi ku netiweki. Koma wailesi yomvera pa intaneti musaikhulupirire pa nkhaniyi, chifukwa mawu ake amafika mochedwa.

Wailesi yeniyeniyo ikamasokosera, musafulumire kuimenya mbama, monga achitira abambo ena. Yambani mwaona mabatire, kokani mlongoti wonse n'kuupendeketsa pang'onopang'ono, ndipo muichotse pafupi ndi potchajira mafoni ndi zipangizo za sola, pakuti zimenezi zimabweretsa phokoso. M'nyumba ya malata, ikani wailesi pazenera kapena mutuluke nayo pakhonde.

Mayi wa ku Kachulu uja anaitulutsa koloko yake, mdzukulu wake wa Fomu 2 n'kumudinira kabataniko. Tsopano ndiyo imamuuza nthawi yomwera mankhwala a BP, ndi yonyamukira kukachingamira mabwato a matemba kudoko.