Mkaka Wochuluka ndi Kuchedwa Kutenga Bere kwa Ng'ombe za Mkaka

Ng'ombe ya mkaka imapindulitsa mlimi ikamabereka thole chaka chilichonse. Popeza bere limatenga masiku pafupifupi 280, ng'ombe iyenera kutenganso bere pasanathe masiku 85 chiberekereni. Ng'ombe zotulutsa mkaka wambiri, makamaka za mtundu wa Holstein-Friesian, kawirikawiri zimapitirira masikuwa.

Chifukwa choyamba ndi kuperewera kwa mphamvu m'thupi. Mkaka umafika pachimake pakati pa sabata 4 ndi 8 ng'ombe itabereka, koma chilakolako cha kudya chimakwera pang'onopang'ono mpaka sabata 10 kapena 12. M'nyengoyi ng'ombe imasungunula mafuta a m'thupi mwake kuti ipange mkaka, ndipo imawonda. Ikawonda kwambiri imachedwa kuyambanso nyere, ndiponso mwayi woti bere ligwire ulendo woyamba umachepa.

Chifukwa chachiwiri chili m'chiwindi. Ng'ombe yodya kwambiri imapititsa magazi ochuluka m'chiwindi, chomwe chimachotsa msanga mahomoni oyendetsa nyere ndi osunga bere. Kafukufuku wa ku University of Wisconsin, wofalitsidwa mu 2004, adapeza kuti ng'ombe zotulutsa makilogalamu 39.5 a mkaka kapena kuposerapo patsiku zinkakhala pa nyere maola 6.2, pamene zotulutsa mkaka wocheperapo zinkakhala maola 10.9. Nyere yaifupi chotere mlimi akhoza kuiphonya, ndipo akaiphonya amadikira masiku ena 21.

Ng'ombe za alimi ang'onoang'ono ku Malawi sizifika pa mkaka wochuluka chonchi. Kwa izo vuto lalikulu ndi loyambalo: chakudya kuchepera poyerekeza ndi mkaka womwe ng'ombe ikutulutsa, makamaka m'chilimwe msipu ukauma. Ng'ombe ya malita 15 yodya nsenjere yokhwima yokha imawonda msanga kuposa ya malita 25 yodyetsedwa bwino.

Choncho alangizi ndi alimi otsogola alimbikitse izi:

1. Ng'ombe ibereke ili ndi thupi labwino, losawonda komanso losanenepa mopitirira muyeso.
2. Ikabereka, ipatsidwe msipu wanthete, masangwi a mtedza kapena lukina, madeya, mchere wa ziweto ndi madzi okwanira.
3. Mlimi aziyang'ana zizindikiro za nyere m'mawa, masana ndi madzulo. Chizindikiro chodalirika ndi kuima chilili ikamakweredwa ndi inzake.
4. Ng'ombe yoonetsa nyere m'mawa ipatsidwe umuna madzulo ake. Yoonetsa madzulo ipatsidwe m'mawa mwake.
5. Masiku obereka, a nyere ndi opereka umuna alembedwe m'kaundula. Ng'ombe yosaonetsa nyere patatha masiku 60 iyesedwe ndi mlangizi wa ziweto.